Ndimabweza ngongole yonse mwezi uliwonse, nanga credit score ikutsikiranji?

Kadziwotche:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi makhadi awiri a ngongole, lina latha zaka 6, lina ndinatenga chaka chatha. Sindinachedwepo kubweza, ndipo ndimalipira ndalama yonse tsiku lisanakwane. Koma mwezi uno credit score yanga, mapointsi osonyeza mmene ndimabwezera ngongole, yatsika. Ena akuti ndizisiyako kangongole pang'ono kuti banki izidziwa kuti khadi likugwira ntchito, ena akuti nditseke lakalelo poti limangokhala m'chikwama. Ndimvere ziti? Pakatha miyezi 6 ndikufuna kutenga ngongole ya galimoto.

NaChuma:
A Kadziwotche, zonse ziwirizo zisiyeni. Chomwe chakugwetsani, ndikuganiza, ndi tsiku basi.

Khadi lili ndi masiku awiri osiyana: tsiku lotsekera sitetimenti, ndi tsiku lomaliza kubweza, lomwe limabwera patatha milungu itatu kapena kuposerapo. Mabanki ambiri amatumiza kumabungwe osunga mbiri ya ngongole ndalama yomwe yalembedwa pa sitetimenti, osati yotsala mutalipira. Tinene kuti malire a khadi lanu ndi 10,000. Mwagula zinthu za 7,000, sitetimenti yatsekedwa, inu mwabweza yonse sabata yotsatira. Kwa inu ngongole palibe. Koma bungwe lija lalandira chithunzi cha munthu amene wadya 70 peresenti ya malire ake, ndipo mapointsi amawerengedwa pachithunzi chimenecho.

Njira ya FICO yowerengera mapointsi, yomwe ndi yodziwika kwambiri ku America ndipo mapointsi ake amayambira pa 300 kulekeza 850, imagawa kulemera motere: kubweza pa nthawi 35 peresenti, kuchuluka kwa ngongole poyerekeza ndi malire 30, kutalika kwa mbiri yanu 15, ngongole zatsopano 10, ndi mitundu ya ngongole 10. Maiko ena ali ndi manambala awo.

Chochita: yang'anani pa sitetimenti tsiku lomwe imatsekedwa, muzilipira masiku atatu kapena anayi tsikulo lisanafike, kuti ndalama zilowe bwino. Anthu amakonda kunena kuti musapyole 30 peresenti ya malire a khadi. Amenewo si malire a lamulo ayi, kungoti mukatsika kwambiri ndi pamene zimakoma; pansi pa 10 ndiye bwino zedi. Muziwerengera khadi lililonse palokha komanso onse pamodzi, chifukwa khadi limodzi lodzaza limapweteka ngakhale linalo lili mbee. Ubwino wake bala limeneli limapola msanga. FICO 8, umodzi mwa mitundu ya njira ya FICO, imangoona chiwerengero chatsopano, ndiye mwezi wamawa mapointsi akhoza kubwerera. Njira zatsopano monga FICO 10T ndi VantageScore 4.0 ndi zomwe zimayang'ana mmbuyo miyezi 24.

Zosiya kangongole dala n'kungopatsa banki chiwongoladzanja chaulere. Khadi limaoneka kuti likugwira ntchito sitetimenti ikangotuluka ndi kandalama, ngakhale mubweze konse mawa lake.

Khadi lakale musatseke. Ngati lakalelo lili ndi malire a 10,000, latsopano 5,000, ndipo ngongole yanu ndi 3,000, muli pa 20 peresenti. Mukatseka lakale, 3,000 yomweyo yasanduka 60 peresenti musanagule ngakhale singano. Muziligulira kanthu kakang'ono mwezi ndi mwezi, apo ayi banki ikhoza kulitseka yokha poona kuti lagona.

Mkulumadzi:
Mayi NaChuma afotokoza bwino, koma ine ndiike mtima pa 35 peresenti ija, chifukwa uko ndi kumene munthu akagwa sadzuka msanga.

Kuchedwa tsiku limodzi kapena sabata kumakudulitsani chindapusa, koma ku America sikulembedwa m'mbiri yanu mpaka masiku 30 atakwana. Akakwana, chilema chimenecho chimakhala zaka 7, ndipo chimakula pa masiku 60, 90 ndi kupitirira. Mphamvu yake imachepa zaka zikamapita, komabe amene anali ndi mapointsi okwera ndi amene amagwa kwambiri akachedwa kamodzi kokha.

Chodabwitsa n'chakuti ena sagwa ndi ngongole yaikulu. Amagwa ndi tinthu tonyozeka. Khadi loiwalika lija banki yadulapo ndalama yake ya pachaka, mwiniwake satsegulanso sitetimenti poganiza kuti palibe kanthu, masiku 30 n'kudutsa. Wina wamaliza ngongole yomwe inali ndi chiwongoladzanja, osadziwa kuti masiku a pakati pa sitetimenti ndi tsiku lolipira abala kachiwongoladzanja kena komwe kadzatuluke mwezi wotsatira. Mankhwala ake ndi kuuza banki kuti izidula yokha mu akaunti yanu ndalama yochepetsetsa yofunika pa khadi lililonse, inu n'kumalipira yotsalayo pamanja. Ngati tsiku lobweza limafika malipiro anu asanalowe, pemphani alisunthe. Mabanki ambiri amalola.

China, musasainire munthu ngongole mwachisawawa, kaya ndi m'bale. Ngongoleyo imalembedwa pa dzina lanunso yonse, ndipo iye akachedwa, chilema chimagwera nonse. Kawirikawiri mumadzamva zitavuta kale.

Kadziwotche:
Zikomo kwambiri. Tsono za galimotozo, ndikafunsa mabanki angapo kuti ndione wotchipa, sindidzigwetsanso?

Wosunga Mabuku:
Zitengera mwafunsa bwanji, achimwene. Mukadziyang'anira nokha mapointsi, sachepa ngakhale mutayang'ana tsiku lililonse. Amachepa pang'ono pamene mwapempha ngongole ndipo wobwereketsa wakatenga mbiri yanu. Kufufuza kotereku kumaoneka zaka 2, koma FICO imakuwerengera miyezi 12 yokha.

Pa ngongole ya galimoto, ya nyumba kapena ya sukulu, FICO imadziwa kuti munthu amayerekeza mitengo, ndiye mapempho oyandikana imawatenga ngati limodzi. Njira zakale zimapereka masiku 14, zatsopano 45. Poti simudziwa yomwe banki igwiritse ntchito, malizani zonse m'masiku 14. Chifundo chimenechi sichikhudza makhadi: khadi lililonse lomwe mwapempha limawerengedwa palokha, komanso limatsitsa avereji ya zaka zomwe makhadi ndi ngongole zanu zatha. Ndiye miyezi 6 imeneyi musatsegule khadi latsopano, ngakhale akunyengerereni ndi kuchotsera mtengo.

Lero lomwe katengeni lipoti lanu kumabungwe onse, osati limodzi. Ku America alipo atatu akuluakulu, Equifax, Experian ndi TransUnion, ndipo si wobwereketsa aliyense amene amatumiza kwa onse, n'chifukwa chake manambala amasiyana. Werengani mzere ndi mzere: dzina ndi tsiku lobadwa, ngongole yomwe simukuidziwa, ngongole yomwe munamaliza koma ikuonekabe yotsegula, malire olembedwa ochepa kuposa enieni. Chomalizachi anthu sachiona, koma chimakweza peresenti ija popanda inu kulakwa. Mukapeza cholakwika, lemberani bungwelo ndi wobwereketsa yemwe, muikepo umboni monga kalata yotsimikiza kuti munamaliza kubweza. Lamulo la kumeneko limapatsa bungwe masiku pafupifupi 30 kuti lifufuze, ndiye musadikire sabata yogula galimoto.

Musadabwenso nambala ya ku banki ikasiyana ndi ya pafoni yanu. Obwereketsa ambiri a magalimoto ku America amagwiritsa ntchito FICO Auto Score, yomwe imayambira pa 250 kufika 900 ndipo imayang'anitsitsa mmene munabwezera ngongole za magalimoto kale. Malipiro anu salowa m'mapointsi, koma banki idzawafunsa padera kuti iwayerekeze ndi ngongole zomwe mukubweza pamwezi, ndiye konzeranitu mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi.