Mabuleki a Spacio yanga akulira, ndipite nayo ku Katete kapena ndiyambe ndaonetsa ku galaji?

Amake Awiri, Chelstone:
Muli bwanji nonse muno. Ndithandizeni inu odziwa za magalimoto chifukwa ine mutu waima. Ndili ndi ka Toyota Spacio kamene ndimaperekera ana ku sukulu kenako nkupita nako ku ntchito ku town. Masabata atatu tsopano ndikaponda buleki kumamveka kaphokoso koti tswiii kutsogolo, makamaka mu jamu ya m'mawa mu Great East Road pamene munthu umangoti ponde, siye, ponde, siye. Aneba anga anati ndi fumbi chabe la nyengo ino ndingokatsukitsa matayala, ndinatsukitsa koma palibe chasintha. Manje dzulo phokoso lasintha, sikulinso tswiii koma khwee khwee ngati munthu akukwecha poto wopserera, ndipo ndikamachepetsa liwiro kuchokera pa 80 stiyalingi imanjenjemera m'manja. Galimoto ikuimabe bwinobwino. Nkhani ndi yakuti Lachisanu likubwerali tikufuna kupita ku Katete ku Kulamba, ine, ana awiri ndi amayi anga, abambo a ana ali ku ntchito ku Kitwe sabwera msanga. Ndalama ndasungira ya mafuta ndi ya kumudzi basi. Kodi ingafike nkudzakonza tikabwerako?

Mnyamata wa ku Kabwata:
Amayi ine Vitz yanga imalira choncho m'mawa uliwonse nthawi ya mvula, ndikayenda pang'ono imasiya yokha. Mwina ndi zomwezo, osadandaula kwambiri. Ngati ikuima ndiye kuti buleki ilipo.

Makanika Mudala, Matero:
Mwana wanga wa ku Kabwata, za Vitz yakozo nzoona koma ndi matenda ena. Galimoto ikagona panja pa chinyezi disiki, chitsulo chozungulira chimene buleki imagwira kuseri kwa tayala, imachita ka dzimbiri kopyapyala, ukaponda kawiri katatu kamachoka ndipo phokoso limatha. Amayiwa akuti masabata atatu, mwezi wa August wopanda mvula, ndipo kulirako kwasintha mawu. Pamenepo mpamene pali nkhani.

Amayi mvetserani bwino. Padi ya buleki ili ndi mbali ziwiri, chitsulo kumbuyo ndi nyama kutsogolo imene imagwira disiki. Ikakhala yatsopano nyamayo imakhala mamilimita 10 kapena 12, ikatsala 3 ife timati sinthani. Mapadi ambiri anawaika kachitsulo kakang'ono m'mbali, dala, kuti nyama ikatsala pang'ono kazikhudza disiki nkumalira tswiii. Ndiye kulira kwa masabata atatu kuja galimoto imakuitanani. Khwee khwee wa dzuloyo ndiye kuti nyama yatha, chitsulo chikudya chitsulo chinzake, ndipo tsiku lililonse limene mukuyenda nayo disiki ikukumbika mizere. Ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse, munthu amene akanangogula mapadi okha amabwera mochedwa nkugula mapadi ndi madisiki awiri, nthawi zina ndi kalipa yomwe, chitsulo chopanira mapadi pa disiki, chifukwa pisitoni yake yokankha padi yatuluka mopitirira.

Kunjenjemera kwa stiyalingi poponda buleki nthawi zambiri ndi disiki yakutsogolo imene siilinso yosalala mofanana, yatentha kwambiri kapena yadyeka mbali imodzi. Ikamanjenjemera osaponda buleki ndiye nkhani ya matayala, koma inu mwanena kuti poponda. Disiki ikakhala kuti ikadali yonenepa amatha kuisikima, ndiko kuipala pa makina kuti isalale, koma pa disiki pomwepo analembapo muyeso wotsiriza, ikapyapyala kupitirira pamenepo ndi yotaya. Muuze makanika ayeze inu mukuona, asangoyang'ana ndi maso.

Lero lomwe chitani izi musanapite kulikonse. Tsegulani boneti, kumbali ya dalaivala chakumbuyo kufupi ndi galasi kuli kabotolo koyera kolembedwa MIN ndi MAX, ndi ka mafuta a mabuleki. Onani pamene afika. Kenako lizani injini galimoto ili chiimire, pondani buleki mwamphamvu nkugwira osasiya kwa kanthawi. Phazi likamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, musayendetse ngakhale kupita pa msika, itanani makanika abwere kunyumba. Likaima nji pamalo amodzi, yendani pang'onopang'ono mpaka ku galaji yapafupi. Ku Katete ayi. Ine mwana wanga weniweni sindingamulole.

Amake Awiri, Chelstone:
Zikomo kwambiri amalume, mwandimasulira bwino. Ndayang'ana, mafuta ali pafupi ndi MIN ndipo ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pedulo siikutsika, yaima. Ndigule botolo ndithiremo kaye?

Makanika Mudala, Matero:
Musathire. Mapadi akamatha mafuta amatsika okha chifukwa mapisitoni atuluka kutsatira padi, akaika atsopano mafuta adzakwera ndipo mukathira lero adzasefukira, komanso amadya penti. Chofunika ndi kuona ngati palibe pamene akudontha. Kudako ndiye kuti ndi akale. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mu mpweya, nchifukwa chake opanga ambiri amati asinthidwe pakatha zaka 2, koma kuno ambiri timagula galimoto yochokera ku Japan nkuyenda nayo zaka ndi zaka ndi mafuta omwe inabwera nawo, timangokumbuka oyilo wa injini. Asinthe onse ndipo abulide mabuleki a matayala onse anayi kuti mpweya utuluke m'mapaipi a mafuta. Pa chivindikiro cha kabotoloko palembedwa mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4, gulani umenewo wa botolo lomata, osati wothiridwa mu kabotolo ka madzi.

Dalaivala wa Mathiraki, Chawama:
Asisi ine msewu wa kum'mawa ndauyenda zaka zambiri ndiye ndilankhulepo. Kuchoka mu Lusaka kufika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500 ndipo si msewu wa mu town ayi. Mukadutsa Rufunsa kulowera ku Luangwa Bridge mumakumana ndi mapiri a Manenekela, makona okhaokha, kutsetsereka kwautali, kumbali phompho. Buleki imene ikuima bwinobwino pa Chelstone pa liwiro la 40 ndi ina, buleki yotsika phiri galimoto itadzaza anthu anayi ndi matumba a shuga ndi katundu wa kumudzi ndi inanso. Ukaponda nthawi yaitali osasiya zitsulo zimatentha, mapadi amayamba kuterera, ndipo ngati mafuta ali ndi madzi ngati anuwo amawira mkati, pedulo nkukhala ngati waponda siponji, kupopa kupopa osagwira. Chizindikiro choyamba ndi fungo, limanunkha ngati chinthu chopserera, lakuthwa m'mphuno. Ukamva limenelo pezani malo abwino muime, zizizire zokha, osathira madzi pa disiki yotentha chifukwa imapindika.

Ngakhale mutakonzetsa, potsika phiri musadalire phazi lokha. Spacio yanu ndikhulupirira ndi otomatiki, chotsani pa D muike pa 2, pakatsetsereka kwambiri pa L, injini izigwira galimoto yokha inu muzingothandiza pang'ono. Injini ilira mokweza koma musaope. Ndipo chonde osaika pa N kuti musunge mafuta, anyamata ambiri amachita zimenezi ndipo zimandiwawa mtima ndikaziona, chifukwa ndathandizapo kunyamula anthu pa msewu umenewo ndipo sindifuna kufotokoza zambiri.

Mayi wa ku Kanyama:
Ine ndiwonjezere za kumbuyo chifukwa aliyense amangoyang'ana kutsogolo. Chaka chatha nthawi ya mvula Corolla yanga imayenda m'madzi tsiku ndi tsiku, mukudziwa mmene kwathu kuno kumakhalira. Handibuleki inayamba kukwera mpaka m'mwamba osagwira, kanyali kofiira kaja ka chizindikiro cha (!) kamayaka nkuzima ndikamakhota, ine nkumati mwina ndi mawaya anyowa. Tsiku lina m'mawa mwana wanga ndi amene anandionetsa, mkati mwa tayala lakumbuyo munali monyowa ngati mwathiridwa mafuta ophikira, pansi pali kadontho. Kunali ka silinda ka mu dilamu, buleki ya kumbuyo, kakudontha, mashu onse, amene ali ngati mapadi a kumbuyoko, anyowa mafuta. Kanyali kaja kamandiuza kuti mafuta achepa. Ndiye asisi akatsegula kutsogolo muwauze atsegulenso madilamu akumbuyo, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndipo muimirire pomwepo, mapadi akale akupatseni m'manja. Ine galaji ina inandilipiritsa za mbali zonse ziwiri koma anasintha mbali imodzi, galimoto nkumakokera kumanzere ndikaponda, ndinakazindikira kwina.

Mnyamata wa ku Kabwata:
Pepani amayi ndinayankha mofulumira, sindinawerenge bwino za khwee khwee. Amalume a ku Matero, nanga yanga kanyali kachikasu ka ABS kakhala koyaka miyezi iwiri, koma buleki ikugwira, nayonso ndi ngozi?

Makanika Mudala, Matero:
Buleki wamba ikugwirabe, koma ABS, imene imaletsa matayala kuloka ukaponda mwamphamvu, yazima, ndiye ukaponda mwadzidzidzi pa msewu wonyowa kapena pa mchenga matayala adzaloka nkuserereka ndipo stiyalingi sidzamvera. Kawirikawiri ndi ka sensa ka pa tayala kadetsedwa kapena waya wake waduka, akaika pa kompyuta amadziwa tayala lake. Konzetsa mvula isanayambe, usadikire tsiku lokapimitsa galimoto fitinesi ku RTSA, bungwe loona za pa msewu. Koma kakayaka pamodzi ndi kofiira kaja, imika galimoto.

Amake Awiri, Chelstone:
Ndabwerako ku galaji, ndinapempha theka la tsiku ku ntchito. Abale inu, atachotsa tayala lakumanja ndinakhala chete. Padi yamkati inalibe nyama ngakhale pang'ono, chitsulo chokhachokha chonyezimira, disiki ili ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwa. Yakumanzere inali itatsalako pang'ono. Akuti kapini kamene kalipa imatsetserekapo kanauma ndi dzimbiri ndiye padi imodzi imangokhala yogwira nthawi zonse, nchifukwa chake inatha msanga kuposa inzake. Anayeza madisiki ndikuona monga munanenera amalume, kusikima sikukanatheka, ndagula awiri ndi mapadi a mbali zonse, mafuta asintha onse. Kumbuyo anatsegula, mashu akadali bwino palibe kudontha, angopukuta fumbi ndi kukoka handibuleki. Ndalama ya kumudzi yapita pafupifupi yonse, ndawaimbira abambo a ana atumiza ya mafuta Lachinayi. Amayi anga ndawaonetsa padi ija angoti mwana wanga ukanatipha. Funso lomaliza, pedulo ikumveka yofewerapo kusiyana ndi kale, nzabwinobwino?

Makanika Mudala, Matero:
Mapadi ndi madisiki atsopano amafuna masiku angapo kuti azolowerane, ndiye mawa ndi mkucha yendani nayo mu town modekha, osaponda mwankhanza pokhapokha pakhale ngozi. Koma yesani izi, injini ikulira pondani katatu motsatizana. Pedulo ikamalimba ndi kukwera pamene mukupopa ndiye kuti mwatsala mpweya, bwererani abulidenso, asakulipiritseni kachiwiri. Lachinayi madzulo muyang'anenso kabotolo kaja ndi pansi pamene galimoto yagona, mundiuze muno musananyamuke.