Kavidiyo ka apongozi kafika kumudzi, Loweruka ndili ndi shoo

Mnyamata wa ku 25: Anzanga ndithandizeni msanga, mutu sukugwira. Mukuidziwa closer yanga ija, nthabwala yomwe ndimatsekera shoo zanga za stand-up, ya apongozi obwera kudzaona khanda kwa sabata imodzi koma mpaka mwana wayamba kukwawa akadalipo, ine n'kumayenda monyang'ama m'nyumba yolipira ndekha kuopa kukumana nawo pakolido. Ndaipanga miyezi 8, sinandichititsepo manyazi. Lachisanu lapitali pa bala ina kuno ku Lilongwe wina anajambula pa foni, wadula koyambirira komwe ndimanena kuti mayiwa anatithandiza, waponya pa TikTok masekondi 40 okha, pomwe ndimatsanzira katsokomoledwe kawo kondichenjeza kuti ali kubafa. Mlamu wanga wakawaonetsa kumudzi ku Dedza. Madamu sakundiyankhula chiyambire Lolemba, ankhoswe aimba kale foni kuti Lamulungu tikhale pansi. Tsono Loweruka ndili ndi gigi ya kampani ina, mphindi 20, dipoziti ndinadya kale, ndipo wondibuka wanena yekha kuti ya apongozi isasowe. Ndikaichotsa nditsekera chiyani? Zotsalazo ndi za makondakitala ndi za kuzima kwa magetsi, zomwe aliyense muno ali nazo.

Chitsulo cha Ndirande: Usachotse aise. Nthabwala ndi nthabwala. Ukachotsa lero ya apongozi, mawa madamu akuuza uchotse ya iwowo, mkuja ya abusa, pomaliza uzidzaima pa siteji n'kumawerenga mitengo ya feteleza.

Mayi MC: Chitsulo inu simunakwatire, muzikhala chete nkhani zina. Achimwene, choyamba funsani madamu chomwe chawapweteka kwenikweni. Ine zinandionekerapo. Ndinali ndi kagawo konena za abambo akunyumba, kuti akamakonza wailesi zomangira zimatsala zisanu patebulo. Ankaseka okha, mpaka ankandiuza zoti ndiwonjezere. Tsiku lina pa ukwati ku Zomba ndinanenako, osadziwa kuti abwana awo a kuntchito ali pa high table. Lolemba lake ofesi yonse ikuwatchula kuti injiniya. Sanakwiye chifukwa cha nthabwala, anakwiya chifukwa cha amene anaimva. Mwina madamu anu vuto si chifuwa cha mayi awo ayi, koma kuti anamvera kwa mlongo wawo m'malo momvera kwa inu.

Chitsulo cha Ndirande: Kukwatira kapena kusakwatira, ntchito ndi ntchito. Daliso Chaponda bambo ake anali nduna ya boma, koma anafika pa nambala 3 ku Britain's Got Talent mu 2017. Akanakhala wamantha kuti kwawo ati chiyani, akanafika? Trevor Noah analemba buku lathunthu lodzaza nkhani za mayi ake. Ife tikuopa kutsokomola?

Madala a Zisudzo: Ana inu, tamverani. Trevor akamakamba za mayi ake, wopusa m'nkhaniyo amakhala iyeyo, mayiwo amatuluka ali ngwazi. Ndiponso ndi mayi ake omubereka. Apongozi ndi nkhani ina. Ku Dedza kumeneko mkamwini ndi apongozi amapatukirana panjira, sadyera pamodzi, ena sayang'anana n'komwe. Iwe watenga munthu amene mwambo umati usamuyang'ane kumaso, wamuimika pamaso pa anthu oledzera, n'kumutsanzira mmene amachitira kubafa. Kumudzi sakuona luso pamenepo.

Ine ndinayamba nthawi yomwe Izeki ndi Jakobo ankadzadza French Cultural Centre ku Blantyre. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi ankaseketsa dziko lonse ndi nkhani za m'banja, koma pa siteji panali Izeki, panali Jakobo. Ukatsika umavula malaya aja, n'kubwerera kwanu uli munthu wamba. Inu a stand-up mumakwera ndi dzina lanu lenileni n'kumati "mkazi wanga", "apongozi anga", ndiye anthu asakhulupirire bwanji? Ine mwana wanga wamkazi anasiya kufuna kuti ndizimuperekeza ku sukulu ali Sitandade 6, chifukwa ndinasewera bambo woledzera pa sewero lina ndipo anzake ankamuseka. Linali sewero chabe limenelo. Pano ndi mayi wa ana awiri koma nkhaniyo amaikumbutsabe tikakhala pa Khirisimasi.

Mnyamata wa ku 25: Ndamva madala, koma Loweruka ndi mkuja. Ndilibe nthawi yolemba closer yatsopano n'kuiyesa. Komanso kavidiyoko kali ndi anthu ambiri kuposa chilichonse chomwe ndinaponyapo ndekha, n'zimene zikundipweteka kwambiri.

Wa ku Chipata: Mbuya, sintha munthu, usasinthe nthabwala. Kuno Mngoni ndi Mbemba amatukwanana pa maliro penipeni, amapakana ufa, palibe wokwiya chifukwa ndi chimbuya, ubale wosekana wa mitundu iwiriyi. Kwanuko muli ndi asuweni, alamu, agogo ndi adzukulu awo. Anthu amenewo mwambo unakupatsa kale chilolezo chowaseka. Mlendo wosachoka uja akhale msuweni wa madamu. Setup, ndiye kuti poyambira nkhani, yomweyo, khanda lomwelo.

Mnyamata wa ku 25: Ndinaganizako. Sizikugwira. Chomwe chimaseketsa n'choti sindingawauze kuti azipita, sindingakumane nawo n'komwe. Msuweni ndingomuuza kuti aise nyamuka. Punchline, mawu omaliza oseketsa aja, imafa.

Chitsulo cha Ndirande: Mwaona? Mwini wake wanena. Ndi ya apongozi basi. Ipange mmene ilili, uwonjezerenso za ankhoswe akuimba foniwo, imeneyo ndiye tag yaulere, kanthabwala kowonjezera pamapeto.

Mayi MC: Musayerekeze. Za ankhoswe zikatuluka Loweruka usiku, Lamulungu mukapeza katundu wanu ali panja. Ndipo pa gigi ya kampani mafoni amakhala m'mwamba kuposa ku bala, aliyense amafuna kuonetsa pa status kuti anadya ku hotela.

Wa Zokuzira Mawu: Ine sindine wanthabwala, ndimangokupatsani maiki, koma ndimaona zambiri ndili kumbuyo. Muziuza MC alengeze musanakwere kuti kujambula ayi. Ena amamvera. Komanso kavidiyoko mutha kukapanga lipoti pa TikTok pomwepo kuti ndi ntchito yanu, lamulo la Copyright la 2016 limateteza oimba ndi ochita zisudzo omwe, mukafunse ku COSOMA, bungwe loona za copyright m'Malawi muno.

Mayi MC: Kufufuta pa TikTok n'kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Kali pa WhatsApp tsopano, m'magulu a mpingo ndi a banki m'khonde. Kumudzi amatumizirana pa Bluetooth, safuna ngakhale bandulo.

Madala a Zisudzo: Chomwe ndingachite ine ndi ichi. Tsekera ndi nkhani yomweyo koma kutsokomola kuchoke, bafa lichoke, mawu awo usawatsanzire. Utsale iweyo: bambo wa nyumba wobisala kuseri kwa firiji, wodyera nsima m'galimoto, wotuma mwana wa miyezi isanu kuti akapereke uthenga. Anthu aseke mantha ako. Koma ngakhale zimenezo, uyambe wawauza madamu Lachisanu usiku, uwachitire pabalaza iwo okha. Akakana, wakana ndi Mulungu. Wokubukayo umuuze zoona, naye ali ndi apongozi.

Ndipo Lamulungu usakapite ndi mfundo zoti ndi luso, kapena kuti anadula kavidiyo. Ukapite ndi nkhuku ndi shuga. Ankhoswe akamayankhula iwe maso pansi.

Chitsulo cha Ndirande: Madala ndimakulemekezani koma kutsokomolako ndiye kumene anthu amagwa nako pa mipando. Ndinaliko ine tsiku lina akuipanga. Mukachotsa pamenepo mwatsala ndi ulaliki. Nthabwala ndi nthabwala, apongoziwo akanakhala mu holo akanaseka okha.

Wa ku Chipata: Akanaseka mu holo, inde. Koma sanali mu holo, anali pakhonde pawo anthu a m'mudzi atawazungulira pa foni imodzi.

Mlongo wa ku Joni: Ndalowa mochedwa. Ine kuno ku Johannesburg ndimapanga mashoo a Amalawi a ku Mayfair ndi madera ena, ndipo ndinaphunzira movutika kuti kulibe kutali. Ndinanenapo za achimwene anga, kuti ndikatumiza ndalama ya malata amagula malata awiri, yotsalayo "yalowa mu transport". Holo yonse inafa nayo chifukwa aliyense ali ndi mbale wotero. Sipanathe masiku atatu mayi anandiimbira kuchokera ku Mangochi akulira. Chaka chonse achimwenewo sanandiyankhe foni, nyumba inaima pa lintala. Nthabwalayo ndimaipangabe koma pano ndimati "mnzanga wina". Kuseka kunachepako pang'ono, sindinama.

Koma funso langa ndi lina. Dipoziti munatenga zingati? Chifukwa ngati ndi theka, ine ndikanabweza pa Airtel Money n'kugona tulo.

Mnyamata wa ku 25: Theka. Inapita ku lendi ndi ku Pampers.

Wa Zokuzira Mawu: Bola inu mumalandira theka. Ife amatiuza kuti tikupatsani shoo ikatha, ikatha wokonza shoo foni yazima. Mwezi watha ndinanyamula masipika pa kabaza 2 koloko usiku.

Mayi MC: Imeneyo ndiye nkhani yoti tikambirane bwinobwino muno. Chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera, koma makomiti a ukwati akufunabe kulipira MC mtengo wakale, ena mpaka amati mutengako pa perekaniperekani. Ine pano popanda dipoziti sindisita n'komwe diresi. Tigwirizane mtengo woyambira, wina asamapite pansi kukatiphera msika.

Chitsulo cha Ndirande: Mtengo tigwirizana, koma wa ku 25 asachotse closer.

Wa ku Chipata: Mtengo woyambirawo mu kwacha yanu kapena yathu?