Maimelo anga amalonda sakuyankhidwa, kodi ndikuyamba molakwika?

Wamalonda watsopano

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndatha miyezi itatu pa ntchito yogulitsa pulogalamu ya pakompyuta yowerengera katundu m'nyumba zosungiramo katundu. Amene ndimawalembera ndi mamanejala a makampani opikulitsa. Mwezi watha ndinatumiza maimelo 160, anayankha ndi anthu awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo ankangondiuza kuti ndisamulemberenso. Chikundizunguza mutu n'chakuti pulogalamu yathu yotumizira maimelo ikuonetsa kuti oposa theka amatsegula. Ndimayamba motere:

"Okondedwa bambo, ndikukhulupirira kuti muli bwino. Dzina langa ndine uje, ndimagwira ntchito ku kampani yakutiyakuti, imodzi mwa makampani otsogola pa mapulogalamu owerengera katundu. Ndafuna ndikudziwitseni za ntchito zathu."

Pakapita masiku atatu ndimatumiza yokumbutsa: "Ndangofuna kudziwa ngati munaona imelo yanga ija." Abwana akuti ndingochulukitsa maimelo, koma mtima wanga ukukana. Ndikulakwitsa pati?

Mkulu wa timu ya malonda

Achimwene, musanachite china chilichonse, dzitumizireni nokha imelo yomweyo, muiyang'ane pa foni osaitsegula. Pa Gmail kapena Outlook muona dzina la wotumiza, mutu, ndi kamzere kotuwa kotengedwa koyambirira kwa imelo. Panopa kamzere kanuko kakuti "Okondedwa bambo, ndikukhulupirira kuti muli bwino. Dzina langa", malo n'kuthera pomwepo. Munthu amene akudikiridwa ndi maimelo ena ambirimbiri wadziwa kale kuti uyu ndi wamalonda wosamudziwa, ndipo chala chake chapitirira.

Kenako werenganinso ziganizo zanu zitatu zija. Dzina langa, kampani yathu, ntchito zathu. Wolandira imeloyo sakupezekamo. Dzina lanu waliona kale pamwamba ndipo alionanso pansi posainira. Iye m'mutu mwake muli funso limodzi: munthuyu walemberanji ine, ndipo bwanji lero? Mzere woyamba uyankhe zimenezo. Ngati pa munthu wina mulibe yankho lake, musamulembere kaye.

Wa makompyuta

Ndiikepo mawu pa za "oposa theka amatsegula", chifukwa chiwerengerocho chikukunamizani. Mapulogalamu otumizira maimelo amabisa kachithunzi kakang'ono kwambiri kosaoneka ndi maso mu imelo. Kachithunziko kakakokedwa pa intaneti, pulogalamu imati munthu watsegula. Koma kuyambira mu 2021, pamene Apple inatulutsa iOS 15 (pulogalamu yoyendetsa iPhone), pulogalamu yake ya maimelo ya Apple Mail imatha kukoka zithunzizo yokha munthu asanakhudze n'komwe imeloyo. Makampani ambiri alinso ndi mapulogalamu achitetezo amene amayamba ndiwo kufufuza imelo n'kudina malinki. Ndiye pa theka lanulo, ena si anthu, ndi makina. Werengani mayankho okha.

Za kuchulukitsa, abwana anuwo muwafotokozere izi. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo kwa otumiza maimelo ambiri. Amene amatumiza 5,000 kapena kuposa pa tsiku ku maakaunti a Gmail ayenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC (njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa amene akuoneka kuti waitumiza), ndipo madandaulo a spam (maimelo osafunika) asafike 0.3 peresenti, kutanthauza anthu atatu pa 1,000 aliwonse. Inu simunafike pa 5,000, koma makina osefa amayang'anabe mbiri ya domain yanu, dzina la kampani lija lobwera pambuyo pa @ pa adiresi ya imelo. Anthu akamakudinirani batani la spam pafupipafupi, ngakhale ma invoice a kampani yanu ayamba kugwera ku spam. Ndinazionapo, ndipo kukonza mbiriyo kunatitengera milungu yambiri.

Mayi wa inshuwalansi

Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma pa moni tisiyane pang'ono. Musachotse moni wonse. Ine imelo yongofikira pa nkhani ngati chidziwitso cha ngongole imandiwawa. Lembani "Moni" ndi dzina la munthuyo, mawu awiri atatu, kenako pitani pa nkhani. Chimene chikuonongetsa malo ndi "ndikukhulupirira kuti muli bwino" chija. Si mwano ayi, kungoti aliyense amachilemba, ndiye sichinenanso kanthu.

Komanso "Okondedwa bambo" opanda dzina akusonyeza kuti simunafufuze. Nanga manejalayo atakhala mayi? Ine ndalandirapo ambiri otero, ndipo sindipitirira pa mawu amenewo.

Wamalonda watsopano

Zikomo kwambiri akulu, zikomo amayi. Ndadzitumizira imelo ija, ndipo zili ndendende mmene mwanenera, mawu aduka pa "Dzina langa". Ndayesa kulembanso. Manejala wina ndamupeza pa LinkedIn, webusaiti imene anthu amaikapo mbiri ya ntchito zawo, ndiye ndayamba motere:

"Moni mayi uje, ndaona mbiri yanu pa LinkedIn ndipo ndachita chidwi kwambiri ndi ntchito yaikulu imene mukugwira pa kampani yanu."

Kodi apa ndayandikirako?

Mkulu wa timu ya malonda

Mwasunthako, chifukwa tsopano mukunena za iwo. Koma yesani chiganizocho motere: chotsani dzina la mayiwo muikepo la munthu wina aliyense pa mndandanda wanu. Chikugwirabe ntchito? Ngati eya, ndiye kuti sichinalembedwere iwowo. "Ntchito yaikulu" iti? Ndi matamando opanda chogwirika, ndipo anthu a m'maudindo amawazindikira msanga.

Musakasake zowayamikira, sakani chimene chasintha kwawo posachedwapa chokhudzana ndi zimene mukugulitsa. Kwa inu zingakhale izi: atsegula nyumba ina yosungiramo katundu, alengeza ntchito ya makalaliki owerengera katundu, ayamba kugulitsa pa intaneti, kapena manejalayo wangolowa kumene pa udindo. Zonsezi zimapezeka pa webusaiti yawo, pa LinkedIn kapena pamene amalengeza ntchito. Mwachitsanzo:

"Moni mayi uje, ndaona kuti mukufuna makalaliki awiri owerengera katundu pa nyumba yanu yatsopano. Kodi pakadali pano katundu wa nyumba ziwirizi mumamuwerengera pamodzi, kapena iliyonse ili ndi fayilo yake ya Excel?"

Kampani yanu sinatchulidwe, koma mayiwo adziwa kale kuti mumaidziwa ntchito yawo. Za inuyo zibwere pa chiganizo chachitatu, chimodzi chokha, kenako pempho laling'ono.

Wamalonda wa makina osindikizira

Ine njira imene inandithandizako kale ndi kuika "Re:" pa mutu wa imelo yoyamba, kuti izioneka ngati tinalankhulanapo. Ankatsegula ambiri ndithu.

Wa makompyuta

Achimwene, imeneyo ayi. Kutsegula atsegula, koma akazindikira kuti mwawapusitsa, batani la spam lili pafupi pomwepo. Ndiponso ngati mukulembera anthu a ku United States, lamulo la CAN-SPAM la mu 2003 limaletsa mutu wosocheretsa pa imelo yamalonda. Kwa a mayiko a European Union kuli GDPR (malamulo oteteza zachinsinsi za anthu), imene inayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, ndipo imafuna kuti mukhale ndi chifukwa chovomerezeka chosungira ndi kugwiritsa ntchito adiresi ya munthu. Amene wanena kuti musamulemberenso, mumuchotse pa mndandanda tsiku lomwelo.

Wamalonda wa makina osindikizira

Ndamva. Kunena zoona ndinaisiya kasitomala wina atandifunsa pa foni kuti tinalankhulana liti, ine n'kusowa choyankha.

Woyang'anira zogula

Ine ndili mbali inayo, ndine amene mumandilembera. Ndikuuzeni mmene zimakhalira m'mawa. Ndimatsegula foni ndisanakhale n'komwe pa desiki, ndipo ndikufuna maimelo atatu okha: a abwana, a amene akutibweretsera katundu wochedwa, ndi a ku akaunti. Ena onse ndimangowapitirira ndi chala. Imelo yamalonda imene ndimaimapo ndi imene mzere wake woyamba ukuoneka ngati wachokera kwa munthu wodziwa vuto limene ndili nalo sabata imeneyo.

Chitsanzo cha akulu aja ndikanayankha, ndipo chifukwa chake ndi funso lija. Ndi funso loti ndingayankhe ndi mawu anayi ndili chiimire. Koma funso lotakata monga "ndi mavuto otani amene mukukumana nawo pa ntchito yanu?" limandipatsa ntchito yolemba lipoti kwa mlendo, ndiye sindiyankha.

Koma chenjerani ndi kufufuza kopitirira. Wina anandilembera kuti waona zithunzi za banja langa pa Facebook ndipo ana anga akula bwino. Ndinachita mantha, ndinamutsekera pomwepo. Khalani pa za ntchito zimene kampani kapena munthuyo waziika poyera yekha.

Tsopano imelo yanu yokumbutsa ija, achimwene. "Ndangofuna kudziwa ngati munaona imelo yanga ija" imandipatsa mayankho awiri okha, ndipo onse ndi ochititsa manyazi: ndinaiona koma ndinakunyalanyazani, kapena sindisamala maimelo anga. Palibe amene amafuna kulemba zimenezo, ndiye timangokhala chete.

Mayi wa inshuwalansi

Bambowa anena zenizeni. Ine lamulo langa n'lakuti imelo yokumbutsa ibwere ndi kanthu kamene yoyamba inalibe, ndipo kanthuko kakhale pa mzere woyamba. Tumizani poyankha imelo yanu yoyamba kuti zonse zikhale pamodzi, wina asavutike kusaka. Yachiwiri mungayambe motere:

"Mayi uje, ndakutumizirani tsamba limodzi losonyeza mmene lipoti la katundu wa nyumba ziwiri limaonekera likaphatikizidwa."

Mwapereka chinthu, simunawafunse mlandu. Yachitatu, patapita sabata kapena kuposerapo, muifupikitse kwambiri:

"Mwina nkhani yowerengera katunduyi si ya pa desiki panu. Ndi ndani amene ndingalankhule naye?"

Imeneyi ndi imene imandibweretsera mayankho kawirikawiri, chifukwa kutchula dzina la mnzako n'kosavuta. Ndipo mukalembera munthu watchulidwayo, mzere woyamba muli nawo kale: "Mayi uje andiuza kuti ndinu amene mumayang'anira zowerengera katundu." Koma mulembe zimenezo pokhapokha ngati anakuuzanidi.

Pakatha maimelo atatu kapena anayi kuli zii, ine ndimasiya, n'kudikira mpaka china chitasintha kwawoko.

Mkulu wa timu ya malonda

Ndionjezerepo chimodzi cha imelo yotsatira mukakumana kapena kulankhulana pa foni, poti posachedwapa mufika pamenepo. Musayambe ndi "zinali zosangalatsa kulankhula nanu". Yambani ndi mawu awo omwe: "Munanena kuti kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi kumakutengerani masiku atatu." Munthu akaona mawu ake amadziwa kuti munkamvetsera. Zikomo muike kumapeto.

Wamalonda watsopano

Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera patatha masabata awiri. Ndinasankha makampani 30 okha amene ndinapeza chifukwa chenicheni chowalembera. Ayankha anthu asanu. Awiri akana mwaulemu, mmodzi wanditumiza kwa mnzake nditafunsa funso la amayi lija, ndipo awiri tagwirizana tsiku loti ndiwaonetse pulogalamu. Mmodzi anangoyankha kuti "mafayilo atatu a Excel, ndipo sagwirizana". Ndinawerenga mawuwo kangapo, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu andiuze vuto lake yekha.

Vuto latsala ndi nthawi. Imelo imodzi ikunditengera mphindi 20 kufufuza ndi kulemba, pamene abwana akufunabe maimelo 40 pa tsiku. Ndiwauze bwanji?

Mkulu wa timu ya malonda

Muwaonetse manambala onse awiri pa pepala limodzi, 160 ndi mayankho awiri, 30 ndi mayankho asanu, ndipo munene nokha kuti 30 ndi ochepa, muyesanso mwezi wathunthu. Za nthawiyo, musafufuze kampani imodziimodzi kuyambira pachiyambi. Lolemba m'mawa sakani chinthu chimodzi chokha, monga makampani amene alengeza ntchito ya makalaliki a katundu, mulembe mayina onse. Lachiwiri sakani amene atsegula nthambi. Gulu lililonse likhale ndi thunthu la imelo limodzi, muzingosintha mzere woyamba ndi funso. Mukazolowera, mphindi 20 zija zitsika ndithu.

Wa makompyuta

Ndipo mukamagwiritsa ntchito thunthu limodzi, dzitumizireni kaye imelo iliyonse yoyesera musanatumize ku gulu. Malo a dzina akasiyidwa opanda kanthu mu CRM (pulogalamu yosungira mayina ndi maadiresi a makasitomala), munthu amalandira "Moni ," ndi kampata. Pa mndandanda wanu wa 160 uja, yambani mwaona kuti ndi angati alibe dzina.