Opera House ya ku Sydney: ndilipire zolowa mkati kapena ndingojambulitsa panja basi?

NaBanda_Area25

Moni nonse. Mu June muno akuntchito akunditumiza ku Sydney ku msonkhano, visa yatuluka kale, ndiye Loweruka ndidzakhala ndilibe chochita ndisanabwerere. Chomwe mtima wanga uli dii ndi kukaona Opera House ija timaionera pa TV usiku wa new year akamaphulitsa makombola. Koma allowance yake si yoti munthu n'kumamwaza ayi, ndiye ndati ndifunse inu amene muli konko kapena munafikako. Kodi kufika pafupi amalipiritsa? Pa intaneti ndaona kuti pali tour yolowa mkati, ndi yoyenera ndalama zake kapena ndingojambulitsa panja n'kumapita? Komanso ine operayo sindiimva, zoti ndikakhale maola atatu anthu akukuwa m'Chitaliyana ayi zikomo kkkk. Nanga kavalidwe, mpaka za ku ukwati?

Ankolo_wa_Parramatta

Achemwali takulandiranitu. Panja ponse ndi ulere, mutha kukwera masitepe aja, kuzungulira nyumba yonse mphepete mwa madzi, ngakhale kugwira khoma palibe akufunseni. Kwerani sitima ya pamtunda mutsikire pa siteshoni ya Circular Quay, mukangotuluka muiona kudzanja lamanja, kuyenda kwake ndi ka mphindi 10 basi. Pa geti la sitima mungogunditsa khadi yanu ya ku banki ngati ili ya tap, apo ayi gulani Opal card, khadi yolipirira transport kuno.

Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi, chithunzi chabwino cha Opera House sichijambulidwa uli pa Opera House pomwepo, pamenepo mungotuluka inu ndi masitepe. Lowani mu Royal Botanic Garden yomwe yagundana nayo, nayonso ndi yaulere, mutsate madziwo mpaka pa Mrs Macquarie's Chair, pamenepo ndiye nyumbayo ndi mlatho wa Harbour Bridge zimalowa mu chithunzi chimodzi. Kenako mukabwerera pa Circular Quay kwerani ferry ya ku Manly, ndi boti la boma lomwe anthu amakwera popita kuntchito, mtengo wake wa transport wamba, limadutsa pamphuno penipeni pa Opera House ndipo ulendo wake ndi pafupifupi mphindi 30. Ma cruise a alendo aja musavutike nawo, madzi ake ndi omwewo.

June kuno ndi nyengo yozizira ngati kwathu komweko koma mphepo ya pa doko imalowa m'mafupa, tengani jekete. Dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndiye musazengereze. Ndipo mukagula chips pa Opera Bar muziphimbe, mbalame za m'nyanja za pamenepo zilibe ulemu, zimatsomphola m'manja.

Mmisiri_Zomba

Ankolo anena zoona zonse koma pa nkhani ya tour ine ndikuti lipirani mayi. Ndi ola limodzi, ndipo ukangoona panja pokha umabwerako ndi theka la nkhani. Nyumba imeneyi anajambula ndi Jørn Utzon wa ku Denmark, anapambana mpikisano mu 1957 ali munthu wosadziwika kwenikweni, ndipo boma la New South Wales linathamangira kuyamba kumanga mu 1959 asanadziwe n'komwe kuti denga lija alimanga bwanji. Akatswiri anazunguzika nalo zaka, mpaka Utzon anapeza nzeru yoti zigoba zonse za dengalo zidulidwe kuchokera ku mpira umodzi wofanana kukula, ndiye nthiti za konkire zinatheka kuumbidwa m'zikombole zomwezo n'kumazilumikiza. Ukaima mkati n'kuyang'ana kumwamba nthiti zimenezo umaziona ndi maso, konkire yosapaka penti, panja sungaganizire n'komwe.

Ndalama ndiye musanene. Ankati idya madola a ku Australia 7 miliyoni, inadya 102 miliyoni, ndipo zambiri zinachokera ku lotale ya boma. Ankati itha mu 1963, Mfumukazi Elizabeth anadzaitsegula pa 20 October 1973. Pakatipo mu 1966 Utzon anayambana ndi nduna ya zomangamanga Davis Hughes pa nkhani ya malipiro ndi kayendetsedwe ka ntchito, anasiya n'kunyamuka, mkatimo anamaliza ndi Peter Hall ndi anzake. Utzon anamwalira mu 2008 osabwererako kukaona nyumba yake itatha, chonsecho UNESCO inali itaiika kale pa World Heritage, mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, mu 2007 iye ali moyo. Ine zimenezi zimandikhudza, mwina chifukwa ndi ntchito yanga.

Mukafika muyandikire denga muone bwino. Pa TV limaoneka loyera mbee ngati analipaka laimu koma ndi matailosi oposa 1 miliyoni ochokera ku Sweden, ena oyera onyezimira ena a kirimu osanyezimira, n'chifukwa chake mtundu umasintha malinga ndi dzuwa. Chenjezo lokha, tour ili ndi masitepe ambiri zedi, ngati maondo amavuta muwauziretu pogula tikiti.

Chisomo_Joni

Ine nditsutsako pang'ono. Tour ndi yabwino inde koma amakuonetsani holo zopanda anthu, mwinanso ina yatsekedwa chifukwa akuyeserera, ndiye zimatengera mwayi wa tsikulo. Ndalama imeneyo bola muwonjezere pang'ono mugule tikiti ya show, mpando wakumbuyo kapena wam'mbali umakhala wotsikirako. Dzina lisakuopsezeni sisi, muli maholo angapo ndipo opera ndi gawo chabe, mumachitika zisudzo, magule, nthabwala, magulu a jazz, Sydney Symphony Orchestra imaimba mu Concert Hall yomwe imalowa anthu oposa 2,600 ndipo kumbuyo kwa siteji kuli limba la mapaipi oposa 10,000. Holo imeneyo anaikonzanso n'kuitsegula mu 2022 chifukwa oimba ankadandaula kwa zaka kuti mawu samveka bwino. Ndiye ukamva nyimbo mmenemo, kenako pa break n'kutuluka ku foyer ya magalasi kuona maboti akudutsa ndi magetsi, eee pamenepo ndiye umadziwa chomwe anaimangira. Onani pa website yawo zomwe zilipo Loweruka lanulo, gulaninso pomwepo osati kwa ma vendor a pa intaneti.

Zovala musadandaule, ena amabwera atatchena ena jinzi ndi sikipa, palibe amakuyang'ana. Chachikulu ndi nthawi, mukachedwa amakuimikani panja mpaka pa break, za Malawi time kulibe kkkk.

NaBanda_Area25

Zikomo kwambiri nonse, mwandisokonezanso bwinobwino kkkk. Ferry ndi garden zokha ndatsimikiza. Achimwene a ku Zomba nkhani ya Utzon yandigwira mtima, koma a Chisomo nawonso ali ndi mfundo, ndiona kaye mitengo ya ma show. Nanga usiku kuli chaulere choti n'kuona? Hotela yanga ili cha ku Central.

Ankolo_wa_Parramatta

Chilipo. Dzuwa likalowa amaonetsa Badu Gili, zojambula za eni nthaka a ku Australia zomwe amawalitsa pa denga la mbali imodzi, mumangoima pamwamba pa masitepe osalipira kanthu. Malowo ndi a anthu a Gadigal kuyambira kale, ndipo dzina la malowo loti Bennelong Point ndi la Bennelong, bambo wachi Aboriginal yemwe bwanamkubwa Arthur Phillip anamumangira kanyumba pamenepo. Masitepe omwewo ndi pomwe Mandela anayankhulira khwimbi la anthu mu 1990 atangotuluka kundende. Ndipo ngati msonkhano wanu uli koyambirira kwa June mupeza Vivid Sydney, chikondwerero cha magetsi, isanathe, denga lonse amaliwalitsa mitundumitundu, koma Loweruka anthu amachita kupanikizana ndiye fikani kusanade ndipo foni m'thumba lamkati. Kuchokera pa Circular Quay kubwerera ku Central ndi masiteshoni ochepa pa njanji ya City Circle, ingoonani nthawi ya sitima yomaliza pa app ya Opal musanakhazikike pa Opera Bar.