Kodi maphunziro a ku msasa wa asilikali amathandizadi pa ntchito ya upolisi?

Malume wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munavalapo yunifolomu. Mwana wa mlongo wanga akufuna kulowa upolisi, ndipo ndamva kuti ena mwa inu munayambira ku msasa wa asilikali musanapite ku sukulu za apolisi za ku Lilayi kapena ku Kamfinsa. Kodi kumeneko munkaphunzira chiyani, nanga zinakuthandizani mutayamba ntchito?

Wopuma wa ku Katete:
Bambo, ife tinadutsa njira imeneyo. Tsiku lofika anatimeta mpala tonse, mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi chimodzimodzi, ndipo kuyambira pamenepo munthu sunkayenda mumsasa koma kuthamanga. Tinkadzutsidwa kunja kusanache, mu June kukuzizira, n'kuthamanga tikuimba nyimbo. Kenako perete, kuguba, ndi kuphwasula mfuti n'kuilumikizanso mpaka zala zitazolowera. Chakudya chinali nsima ya nyemba kapena kabichi, ndipo unkadya msanga poopa wezulo. Chimene chinandikhalira mumtima ndi chilango. Mmodzi akapezeka ndi jombo zosapolisha, gulu lonse linkagubuduzika m'fumbi. Poyamba tinkamuda wolakwayo, koma pasanapite nthawi tinayamba kuyenderana usiku, kuona ngati mnzathu wasita bwino ndi kuyala bedi. Ndinadzamvetsa phindu lake nditatumizidwa ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kumene anthu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzaza bwalo kudzalambira Kalonga Gawa Undi. Pakhamu lotere wapolisi amaima tsiku lonse padzuwa la August, ndipo mmodzi akasiya malo ake mzere wonse umasweka.

Mayi wa ku Petauke:
Ndikuvomereza zimene anena akuluwa, koma ndikufuna malume amve mbali inanso. Msilikali amamukonzekeretsa kukumana ndi mdani, pamene wapolisi amakumana ndi mayi womenyedwa ndi mwamuna wake, mlimi amene ng'ombe zake zabedwa, kapena mwana wosochera pamsika. Ku msasa tinaphunzira kumvera lamulo popanda kufunsa, ndipo liwu lokalipa la sajeni linatilowa m'magazi. Ndinaona anzanga ena akupita nalo liwu lomwelo pa kauntala, n'kumakalipira wodandaula ngati ali pa perete. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, chifukwa mayi amene wakalipiridwa kamodzi sabwereranso, ngakhale mlandu wake uli woyenera Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Upolisi weniweni ndinauphunzira m'kalasi, pamene anatitsegulira mabuku a malamulo a milandu, Penal Code, Cap 87, ndi Criminal Procedure Code, Cap 88, ndi kutisonyeza kalembedwe ka sitetimenti ndi ka buku la OB, lolembamo zonse zochitika pa polisi. Kumeneko n'kumene munthu amadziwa kuti bondi ya polisi ndi yaulere, ndiponso kuti womangidwa ali ndi ufulu wake.

Mkulu wa ku Chadiza:
Malume, muuzeni mnyamatayo ayambe kuthamanga tsopano, m'mawa uliwonse, makamaka pokwera mapiri a Chipata, chifukwa amene ankabwerera panjira ambiri anali ofooka miyendo kapena amene anabisa matenda poyezedwa. Azolowerenso kudzichapira ndi kusita yekha. Satifiketi yake ya Grade 12 ndi NRC zikhale ndi dzina lofanana, ndipo aliyense amene angamuuze kuti alipire ndalama kuti amupezere malo, ameneyo ndi wakuba.