Asodzi a ku Britain ankafuna okha Brexit, nanga bwanji akuti anagulitsidwa?

Wa ku Peterhead:

Moni nonse. Ndatha miyezi 7 ndikugwira ntchito pa fakitale ina yokonza nsomba kuno ku Peterhead, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Ndimalongedza haddock m'mabokosi a ayezi kuyambira 6 koloko m'mawa. Amene anandiphunzitsa kagwiridwe ka mpeni ndi bambo ena achikulire, anakhala panyanja zaka zoposa 30 mpaka mawondo atakana. Ndi munthu wofatsa, koma mukangotchula Brexit nkhope imagwa. Dzulo pa tiyi anandiuza kuti mu 2016 anavotera zoti dziko lituluke mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, mpaka anamangirira mbendera pa boti lawo, koma lero akuti asodzi anagulitsidwa kawiri, polowa ndi potuluka pomwe. Ndinaona kuti zikuwawawa mumtima, ndiye sindinafunse zambiri.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti nyanja akuti inabwerera m'manja mwawo, ndipo nsomba pamsika wa kuno zimadzadza ndithu. Nanga dandaulo lagona pati? Inu amene munabwera kale, tandithandizeni.

Mayi a ku Grimsby:

Mwanawe, bambowo sakunama. Ine ndakhala kuno zaka 19, ndipo nkhani imeneyi ndaimva kwa agogo ambiri amene ndimawasamalira, ena mwa iwo anali asodzi.

Kugulitsidwa koyamba akunena za 1973, pamene Britain inalowa mumgwirizanowu n'kuvomera kuti maboti a mayiko enawo azisodzanso m'madzi ake. Mu 1983 anagawana mlingo wa nsomba zimene dziko lililonse lizigwira, uja amati quota, ndipo anatengera zimene aliyense ankagwira pakati pa 1973 ndi 1978. Tsoka lake, nthawi imeneyo zombo zikuluzikulu za Britain zinali kutali, ku Iceland, pamene Afalansa ankasodza pakhomo pompa. Mapeto ake cod ya kum'mawa kwa English Channel, France inatenga pafupifupi 84 peresenti, Britain 9 yokha. Tangoganizani msodzi akuona boti lachilendo likudzaza pamaso pake, iye atauzidwa kuti mlingo wake watha.

Koma pali china chimene anthu a kuno safuna kuchimva. Chimene chinapha doko la Grimsby ndi la Hull si EU ayi. Ndi mkangano wa cod ndi Iceland, umene unatha mu 1976 Iceland itatseka madzi ake mpaka mamailosi 200. Zombo zinangoti mbwee padoko, kuchita dzimbiri. Ukali wonsewo unadzatsanuliridwa pa Brussels, likulu la EU.

Kugulitsidwa kwachiwiri ndi pangano la pa 24 December 2020. Asodzi ankayembekeza kuti maboti achilendo achokeratu, makamaka pafupi ndi gombe. M'malo mwake EU inangovomera kubweza 25 peresenti ya mtengo wa nsomba zimene inkagwira m'madzi a Britain, pang'onopang'ono mpaka June 2026, ndipo kum'mwera kwa England maboti awo ena anapitiriza kulowa pakati pa mamailosi 6 ndi 12 kuchokera kugombe. Anthu anadzitonthoza kuti 2026 ikakwana tidzakambirana chaka ndi chaka, mphamvu ili kwa ife. Ndiye mu May 2025 boma la Keir Starmer linawonjezera zaka 12, mpaka 2038. Bambo anuwo 2038 adzaiona?

Dalaivala wa thiraki ya firiji:

Achimwene, mayiwa afotokoza za madzi, ine ndinene za msewu, chifukwa ndi kumene ndinazionera ndi maso.

Chinthu choyamba muchidziwe: anthu a kuno sadya kwenikweni nsomba zimene amagwira. Cod yambiri imene amadyera tchipisi imachokera ku Iceland ndi Norway. Zimene asodzi awo amagwira, mackerel, herring, nkhanu, langoustine, zambiri zimapita kunja, makamaka ku France ndi Spain. Nsomba ili m'madzi ako, koma wogula ali kutsidya.

Kale ndinkapakira langoustine zamoyo kumadzulo kwa Scotland, mawa lake ndili ku Boulogne-sur-Mer ku France ndikutsitsa, kapepala kamodzi m'manja. Langoustine iliyonse imakhala m'kachipinda kakekake m'kreti kuti zisalumane, ndipo ikafika yamoyo mtengo wake ndi wina, ikafa ndi wina. Kuyambira pa 1 January 2021 panafunika chikalata chosonyeza kumene zinagwidwa, chikalata cha zaumoyo chosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena woyendera zaukhondo, ndi mapepala a kasitomu. Msonkho panalibe, n'zoona, koma mapepalawo ndiwo anatipha. Thiraki imodzi imanyamula katundu wa anthu ambirimbiri, ndiye mmodzi akalakwitsa nambala imodzi, tonse tiima.

Ulendo wanga wachiwiri mwezi umenewo ndinagona m'thiraki masiku atatu, injini ya firiji ikulira usiku wonse kumbuyo kwa mutu wanga. Titatsegula chitseko, fungo lokha linatiuza. Wogula anakana katundu yense. Mwini wake wa makreti ena anali mnyamata wa kaboti kakang'ono, iye ndi mchimwene wake basi. Ndinamuimbira ndekha foni. Anangokhala chete nthawi yaitali, kenaka n'kundithokoza. Mpaka lero zimandibwerera.

Pa 18 January 2021 anzathu anakaimika mathiraki ku Westminster pafupi ndi nyumba ya malamulo, ndipo boma linalonjeza mapaundi 23 miliyoni a chipukuta misozi. Mitengo ya nsomba itagwa, maboti ena a ku Scotland ankakatsitsa nsomba ku Hanstholm ku Denmark kuti azembe zonsezi. Lero zinthu zikuyendako, makampani aakulu analemba anthu ongoona za mapepala. Aang'ono ambiri amene ndinkawanyamulira anangosiya kutumiza kunja. Amene analira kwambiri ndi oweta nkhono za m'nyanja, ma mussel ndi ma oyster, ku Wales ndi ku England. Zochokera m'madzi a gulu B, amene si oyera kwenikweni, siziloledwa kulowa mu EU zisanayeretsedwe, pamene kale zinkakayeretsedwera komweko.

Wowerengera ndalama ku Aberdeen:

Pepani akuluakulu, ndisiyane nanu pang'ono. Tisanene ngati aliyense analuza. Mlingo unakweradi, ndipo eni zombo zikuluzikulu za mackerel ku Peterhead, Fraserburgh ndi Shetland sakudandaula ngati enawo. Mackerel youmitsa mufiriji sifa panjira, ikhoza kudikira mapepala sabata yonse. Dziko linapezanso ufulu wopanga malamulo ake, mwachitsanzo mu 2024 linaletsa kugwira tinsomba ta sandeel ku North Sea pofuna kuteteza mbalame za kunyanja, ngakhale Denmark inakwiya.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti funso loti ndani alandire mlingowo m'dziko muno silinali la Brussels n'kale lomwe. Linali la boma la konkuno. Maboti osapitirira mamita 10 ndiwo ochuluka zedi, koma gawo lawo ndi lochepetsetsa, pamene mabanja ochepa olemera ali ndi gawo lalikulu, ndipo ku England mlingo wambiri unagulidwa ndi makampani akunja, kugula kwa eni ake a konkuno. Zimenezi akanatha kuzikonza osatuluka n'komwe.

Komanso usodzi sufika ngakhale 0.1 peresenti ya chuma cha dziko lino. Pokambirana pangano, palibe nduna imene ikanataya malonda a magalimoto ndi mankhwala chifukwa cha cod. Norway inakana kulowa kawiri, mu 1972 ndi 1994, Greenland inatuluka mu 1985, koma kumeneko nsomba n'zofunika kwambiri pa chuma, makamaka ku Greenland, ndiye boma limaziikira kumbuyo ndi mtima wonse.

Mayi a ku Grimsby:

Mwanena zoona bambo. Ndiwonjezere kuti kutuluka kunatayitsanso mwayi wosodza kwa ena. Mu 2021 zokambirana ndi Norway zinalephereka, ndipo chombo chachikulu cha ku Hull, Kirkella, chinakhala padoko nthawi yaitali. Antchito a ku Poland ndi Lithuania amene ankadzaza mafakitale nawonso anachepa.

Wa ku Peterhead:

Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Ndiye chifukwa chake pa mzere wathu pamakhala malo opanda munthu. Lero ndawafunsa bambo aja kuti boti lawo linali lotani. Akuti linali laling'ono, la nkhanu, ndipo mwana wawo analigulitsa mu 2022 wogula wawo wa ku Spain atasiya kuitanitsa. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chake, lopaka utoto wobiriwira, mbendera ija ikadali pamwamba.