Ndasankha ya Bruno Walter ya 1938

Mwezi watha ndinakufunsani, anzanga, kuti mwa nyimbo zojambulidwa za Simfoni ya 9 (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida zoimbira) imene anapeka Gustav Mahler ndigule iti. Ambiri munati ya wotsogolera oimba Karajan ndi gulu la Berlin Philharmonic ya 1982, ena munatchula ya wotsogolera wina, Bernstein, ya 1979. Zikomo kwambiri. Ndazimvera zonse, iliyonse kangapo.

Ya Karajan ndi yokoma zedi, mavayolini ake amamveka bwino mpaka kumapeto. Ya Bernstein imandilemera mtima msanga, ndipo ndimatopa isanathe.

Koma imene yandigwira ndi ina imene palibe anaitchula: ya Bruno Walter ndi gulu la ku Austria la Vienna Philharmonic, yojambulidwa anthu akumvetsera mu January 1938. Walter yemweyu ndi amene anatsogolera oimba pamene simfoniyi inaimbidwa koyamba mu 1912, Mahler atamwalira kale mu 1911 asanaimve n'komwe. Patangopita milungu yochepa chijambulireni, a Nazi a ku Germany, amene ankazunza Ayuda, analanda Austria. Walter, amene anabadwira m'banja la Chiyuda, sakanathanso kukhala m'dzikomo, ndipo Ayuda oimba m'gululo anachotsedwa ntchito.

Mawu ake ndi akale, muli kaphokoso, ndipo penapake oimba sayendera limodzi. Chigawo chomaliza, Adagio, chimene chimaimbidwa pang'onopang'ono, Walter amachimaliza m'mphindi pafupifupi 18, pamene ena amapitirira 25. Poyamba ndinkaona ngati akuthamanga. Nditamvanso kachitatu usiku, ndinamva anthu oimba mwachangu ngati akudziwa kuti nthawi yawathera, ndipo misozi inalengeza m'maso. Ya Karajan ndidzagulabe ndikapeza ndalama.